Kandulo saiyamikira isanayake

A mlembi anandipempha kuti zimene ndinalankhula Loweruka lapitali ndizilembe, kuti amene munali kumaliro ndi amene munali ku maganyu nanunso mumve. Ndalemba monga momwe ndinalankhulira, ndangochotsako chibwibwi.

 Mwandipatsa mpata woti ndilankhule za kapangidwe ka makandulo, poti ena mwaona kuti anga ayamba kuyaka bwinoko masiku ano. Njira zake ndifotokoza, musadandaule. Koma ndiloleni ndiyambe ndi manyazi anga, chifukwa zonse zimene ndikudziwa lero zinayambira pamenepo.

Mukukumbuka makandulo ofiira aja? Ndinapanga 12, akuluakulu, ndinathira m'paipi ya pulasitiki yotambalala masentimita 5. Utoto wake ndinatenga makrayoni a mng'ono wanga, chingwe ndinangopinda ulusi wosokera kangapo. Atauma ndinawaimika pa nsalu yoyera, n'kujambula, n'kuponya pa gulu lathu la WhatsApp. Zimene zinachitika mukuzidziwa. Timitima tinagwa ngati mvula ya Januwale. Wina anati zamoto, wina ananditchula bwana wa makandulo, wina mpaka anafunsa ngati ndingapange a pa chinkhoswe cha achemwali ake. Usiku umenewo ndinagona ndikuwerengera ndalama zimene ndinali ndisanazigwire.

Mayi wina amene amagulitsa tomato ndi bonya pa benchi kufupi ndi kwathu anagula anayi. Inali nthawi imene ana a Sitandade 8 amakonzekera mayeso, ndipo anati mtsikana wawo aziwerengera magetsi akathima. M'mawa mwake ndikusesa pakhomo ndinangoona mayi aja atulukira, makandulo ali m'kajumbo. Atatu anali osayatsa. Ya chinayi inali ndi kadzenje pakati ngati chitsime, chingwe chitamira m'kati. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Mwananga, ndi yokongola ndithu, koma theka la ola lisanakwane inali itazima yokha. Tayatsanso, yazimanso. Mwana wagona osawerenga." Ndalama yawo ndinali nditagulira kale bandulo ya intaneti, moti ndinachita kukabwereka kuti ndiwabwezere.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo. Pa makandulo 12 aja, awiri ndinali nditapatsa anzanga a mu kalabu muno, aulere. Nditawafunsa, onse awiri anavomera kuti awonso inawazimira chimodzimodzi, masiku atatu mayi aja asanagule. Ndinati, nanga osandiuza bwanji? Wina anati, "Timaopa kuti ukhumudwa, unali utasangalala kwambiri." Winayo anati, "Zopatsidwa sitinena." Mayina sinditchula, ndipo sindikuwaimba mlandu, chifukwa inenso ndakhala ndikuika timitima pa zinthu zimene sindinazikhudze n'komwe. Komanso wolakwa woyamba ndine. Ndinagulitsa chinthu chimene ndinali ndisanayatsepo ngakhale kamodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndiye ndinalidyadi, phula lenileni.

Ndiye mfundo yanga lero ndi imodzi: kandulo timaiweruza ikuyaka, ndipo mnzako weniweni pa ntchito imeneyi ndi amene wayatsa kandulo yako n'kudzakuuza zimene waona. Kuti muzitha kuona bwino, muyenera kudziwa kaye chimene chimachitika kandulo ikamayaka. Tiyeni tiyambire pamenepo.

Ambiri timaganiza kuti chimene chimayaka ndi chingwe. Inenso ndinkatero. Zoona zake n'zakuti moto umasungunula phula la pamwamba, chingwe chimayamwa phula losungunukalo n'kulikweza, monga momwe nsalu imayamwira madzi mukaviika nsonga yake m'beseni. Likafika pafupi ndi lawi, phulalo limasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imayaka. Yesani usiku uno: zimitsani kandulo, ndipo mwamsanga ikani machesi oyaka mu kautsi koyera kamene kakukwera, pamwambako pang'ono osakhudza chingwe. Muona moto ukutsetsereka ndi utsiwo mpaka kandulo kuyakanso. Zimenezi Michael Faraday ankaonetsa achinyamata ku Royal Institution mumzinda wa London, ndipo maphunziro akewo anasindikizidwa m'buku mu 1861. Munthu ameneyu sanapite patali ndi sukulu, anayamba ngati wophunzira ntchito yomanga mabuku. Ndimakonda kukumbukira zimenezo ndikamatakasa phula pa mbaula.

Mukamvetsa zimenezi, mavuto ambiri a kandulo amadzifotokoza okha. Chingwe ndi mkamwa mwa kandulo. Chikachepa, lawi limakhala laling'ono, limangosungunula pakati, kukumba dzenje, kenako phula losungunuka limamiza chingwecho. Ndi zimene zinachitikira mayi aja. Chikakula kwambiri, chimakoka phula lochuluka kuposa limene moto ungathe kutentha bwino, ndiye lawi limatalika, limavina, limatulutsa mwaye, ndipo kandulo imatha msanga ikuyenderera m'mbali. Ntchito yonse yagona pa kugwirizanitsa zinthu zitatu: kukula kwa chingwe, kutambalala kwa kandulo, ndi mtundu wa phula. Mukasintha chimodzi, zinazo zimafunanso kuonedwa.

Za chingwe ndinene zinthu zitatu. Choyamba, chikhale cha thonje lenileni. Ulusi wambiri wosokera ndi wa nayiloni kapena poliyesita, umangonyala n'kununkha pulasitiki. Kuti mudziwe, tenthani kachidutswa: thonje limasiya phulusa lofewa, nayiloni amasiya kachibulu kolimba. Zingwe za mopu watsopano wa thonje zimathandiza ngati simunapeze zogula. Chachiwiri, chilukeni, osangochipota. Tengani nkhosi zitatu muluke ngati tsitsi, molimba ndiponso mofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Chingwe choluka chimapindika chokha chikamayaka, nsonga yake n'kukafika m'mbali mwa lawi momwe muli mpweya wokwanira, n'kupserera. Choncho sichitalika mosalekeza. Chachitatu, musanachigwiritse ntchito chiviikeni m'phula losungunuka mpaka tithovu tisiye kutuluka, chikokeni chiwongoke, chiume. Chikatero chimaima bwino pakati ndipo chimayaka msanga.

Tsopano phula. Ambirife tikugwiritsa ntchito phula la parafini, loyera lija limene amagulitsa m'zibulu, kapena zotsalira za makandulo akale. Pano ndichenjeze kwambiri: dzinali lisakupusitseni. Phula la parafini ndi losiyana ndi parafini wa m'koloboyi. Wina anandiuza kuti ndithireko pang'ono wa m'nyali kuti kandulo iziyaka kwambiri. Chonde, musayerekeze, mutha kuwotcha nyumba. Phula limeneli masiku ano limachokera ku mafuta a pansi pa nthaka akamayengedwa. Munthu mmodzi amene anathandiza kuti liyambe kupangidwa lambiri anali James Young wa ku Scotland, amene mu 1850 analembetsa njira yolitulutsira ku malasha a miyala. Ameneyu anali bwenzi la David Livingstone ndipo ankamuthandiza ndi ndalama pa maulendo ake. Za Livingstone tinaphunzira tonse m'kalasi, koma za mnzake wa phulayu palibe anatiuza.

Phula la parafini limafewa msanga kukatentha. N'chifukwa chake kandulo yoonda imapindika ngati nthochi ikakhala m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala. Mankhwala ake ndi stearin, amene amaoneka ngati timibulu kapena ufa woyera. Ambiri amathira magalamu 100 pa kilogalamu imodzi ya phula. Amalimbitsa kandulo, amaiyeretsa, komanso amathandiza kuti ituluke mosavuta m'chikombole.

Palinso phula la njuchi, limene ena amangotaya akafinya uchi. Ngati muli ndi abale osunga njuchi kumudzi, apempheni akusungireni malesa ofinya kale. Mangani malesawo m'kansalu, muike m'poto wa madzi otentha, phula lisungunuke n'kutuluka m'nsalumo. Popeza phula ndi lopepuka kuposa madzi, limayandama. Phulani potoyo, musiye usiku wonse, m'mawa mupeza chibulu chachikasu pamwamba. Palani zinyalala za kunsi kwake, ndipo ngati silinayere bwerezani. Musagwiritse ntchito chitini cha dzimbiri kapena poto wachitsulo, chifukwa chitsulo chimadetsa phula la njuchi. Phula limeneli limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, limayaka pang'onopang'ono, limanunkhira uchi lokha popanda kuthira kanthu. Koma limafuna chingwe chokulirapo kuposa cha parafini, ndiponso limakonda kumatirira m'chikombole. Ine ndimalikonda pa njira yoviika, imene ndinene posachedwa.

Kusungunula ndiye pamene pali ngozi yaikulu. Musaike chitini cha phula pa moto mwachindunji. Ikani madzi m'poto wamkulu, chitini cha phula chikhale m'madzimo. Madzi owira sapitirira madigiri 100, choncho phula silingatenthe mpaka kuyaka. Likakhala pa makala lokha limangotenthabe osaonetsa chizindikiro, silibwata ngati madzi, kenako limayamba kufuka utsi, kenako moto. Zikatero musathire madzi. Ndibwereze, musathire madzi, chifukwa amaphulika n'kumwaza phula lamoto paliponse, chimodzimodzi mafuta a mandasi. Vundikirani ndi chivundikiro kapena thirani mchenga. Ine ndisanayatse mbaula ndimayamba ndaika chivundikiro ndi chidebe cha mchenga pambali, ndipo ana ndimawathamangitsa. Foni ikalira, ndimaphula kaye. Onaninso kuti madzi asadonthere m'phula, chifukwa kandulo yake imathetheka ikamayaka.

Pothira, phula likhale litasungunuka lonse, loyera ngati mafuta ophikira. Amene muli ndi choyezera kutentha, madigiri 70 mpaka 80 amakwanira pa phula la parafini. Chikombole chikhale chouma, mupakemo mafuta ophikira pang'ono chabe. Kunsi tsekani bwino pomwe patulukira chingwe, pamwamba mangirirani chingwecho pa kamtengo kopingasa kuti chikhale pakati penipeni, chokokeka. Thirani pang'onopang'ono, gogodani m'mbali kuti mpweya utuluke. Musathire lonse, siyaniko lina m'chitini. Phula likamazizira limanyala, ndiye pakati pamalowa, ndipo nthawi zina m'kati mumatsala mphako imene simungaione ndi maso. Pamwamba pakagwira kakhungu, bayani timabowo pafupi ndi chingwe ndi kamtengo, mutenthetsenso lotsala lija, mudzaze. Kenako dekhani. Musaiviike m'madzi ozizira kuti ifulumire, ikhoza kung'aluka. Isiyeni igone mpaka mawa.

Njira yoviika siifuna chikombole n'komwe. Pachikani chingwe chachitali pa kamtengo, nsonga ziwiri zilendewere pansi. Viikani m'chitini chachitali cha phula, tulutsani msanga, dikirani kuti ligwire, viikaninso. Mubwereza maulendo 20 kapena 30 mpaka inenepe momwe mukufunira, ndipo mumapeza makandulo awiri nthawi imodzi. Phula likatentha kwambiri limachotsa limene munaika kale, likazizira kwambiri kandulo imatuluka ya mabampu. Dzanja limaphunzira lokha pakapita masiku.

Nanga utoto ndi fungo? Apa ndi pamene ambirife timagwa, chifukwa ndi zimene zimaoneka pa chithunzi. Makrayoni ali ndi timibulu ta utoto timene sitisungunuka. Timakwera ndi phula n'kukatseka chingwe, ngati sefa yodzaza ndi gaga. Makandulo anga ofiira aja anali ndi matenda awiri: chingwe chaching'ono, chotsekekanso ndi krayoni. Ngati mulibe utoto weniweni wa makandulo, pangani yoyera, ndipo pomaliza muiviike kamodzi kapena kawiri m'phula la utoto kuti ivale kunja kokha. Pefyumu wa m'botolo musathire, muli spiriti ndi madzi, sasakanikirana ndi phula ndipo ndi woopsa pafupi ndi moto. Pamafunika mafuta onunkhira opangidwira makandulo, magalamu 6 pa magalamu 100 a phula amakwana. Maluwa ouma ndi timitengo timene mumaona pa Facebook atamata pamwamba pa kandulo, kumbukirani kuti zimenezo ndi nkhuni. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nditabweza ndalama za mayi aja ndinati ndaphunzira, vuto ndi chingwe chaching'ono. Ndiye ndinaluka chingwe chonenepa ngati cha nsapato, ndinathira phula m'tambula yagalasi yopyapyala. Mwamwayi ulendo uno ndinayamba ndayatsa ndekha, nditakhala pompo. Lawi linatalika ngati chala changa, mwaye unada galasi lonse, chingwe chinapendekera mbali imodzi. Patapita nthawi ndinangomva kuti the! Galasi lang'aluka, phula lamoto likuyenderera pa tebulo kulowera ku makope a mng'ono wanga. Ndinazimitsa msanga chifukwa ndinalipo. Tangoganizani ikanakhala m'chipinda cha mayi aja, pafupi ndi neti ya udzudzu, mwana atasinza pa kope. Timamva pa wailesi za nyumba zopsa ndi kandulo, ana ali m'kati. Sindikufuna tsiku lina kudzamva kuti kanduloyo inachokera mu kalabu muno.

Ichi ndi chifukwa chake ndikuti timitima tokha sitikwanira. Munthu woluka chipewa akalakwitsa, wogula amangovala chokhota. Ife tikugulitsa moto woti ukalowe m'nyumba za anthu usiku.

Ndiye ndabwera ndi pempho, ndipo a tcheyamani mukalola tikambirane likatha gawo lino. Kandulo ya mtundu watsopano isagulitsidwe m'dzina la kalabu isanayatsidwe ndi anthu atatu: mwini wake ndi anzake awiri. Aliyense ayatse kwawo, chifukwa nyumba zimasiyana mphepo ndi kutentha. Ndipo tikhale ndi kope limodzi la kalabu lolembamo zotsatira.

Kuyesa kwake kuli motere. Dulani chingwe chitsale pafupifupi mamilimita 6 pamwamba pa phula. Imikani kandulo pa sosala, pamalo opanda mphepo, kutali ndi katani. Lembani nthawi imene mwayatsa. Ngati ndi yonenepa kapena ya m'botolo, muipatse pafupifupi ola limodzi pa masentimita awiri ndi theka alionse a kutambalala kwake, kuti muone ngati phula losungunuka lifika kufupi ndi m'mbali. Musapitirire maola anayi nthawi imodzi. Zimitsani, izizire, mawa muyatsenso, mpaka ithe. Osaweruza tsiku loyamba lokha, chifukwa mavuto ena amabisala kunsi, makamaka za m'mabotolo zimene zimatentha kwambiri moto ukatsika. Ndipo musachokepo ikuyaka.

Pobwera nayo nkhani, mutiuze zimene maso anu aona. Lawi linali lalitali bwanji, ngati chikhadabo kapena ngati chala? Linali chilili kapena limavina? Utsi unalipo? Kunsonga kwa chingwe kunamera kabowa kakuda? Phula limayenderera mbali iti? Inazima yokha, patapita mphindi zingati? Botolo linatentha moti simukanaligwira? Inatha maola angati yonse? Bweretsaninso chotsalira chake, musataye, chifukwa chimanena zambiri. Munthu akandiuza kuti "sinali bwino", sindidziwa pogwira. Akandiuza kuti "patatha mphindi 40 lawi linachepa ngati njere ya mpunga, m'mbali munatsala phula lochindikala ngati chala", ndadziwa kale kuti chingwe chachepa.

Ndikudziwa kuti chovuta si kulemba m'kope. Chovuta ndi pakamwa. Tinaleredwa kuti tisamachititse munthu manyazi, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma taonani chimene chinachitika kwa ine. Anzanga awiri anandisungira ulemu masiku atatu, kenako manyaziwo anadzandipeza pakhomo, pamaso pa makolo anga ndi anthu oyandikana nawo, ndi ngongole pamwamba. Akanandikokera pambali tsiku loyamba, ndikanakhumudwa madzulo amodzi basi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Kutsina khutu nakonso kuli ndi katsinidwe kake. Nenani za kandulo, munthuyo musiyeni. Mawu oti "iwe sumatha" samuthandiza kanthu, koma oti "kandulo yako imafuka utsi ikafika pakati" akhoza kupita nawo ku mbaula. Chimene chayenda bwino chitchuleninso, koma chikhale choona, osati shuga wongomwera mankhwala. Ngati yatuluka yosalala, nenani kuti yosalala, kuti adziwe choti asasinthe. Ngati munthuyo ndi watsopano kapena wamanyazi, muuzeni muli awiri, osati pa gulu pomwe pali anthu 40 ndi ma sitika oseka. Koma ngati ndi nkhani ya ngozi, galasi losweka kapena moto wolusa, imeneyo isadikire Loweruka. Imbani foni usiku womwewo.

Kwa ife olandira, ndinene zimene zimandivuta ine. Munthu akayamba kunditchulira cholakwika, m'mutu mwanga mumayamba kale kukonzeka mayankho: mwina kwanuko kuli mphepo, mwina simunadule chingwe, mwina ndi nsanje. Ndaphunzira kutseka pakamwa mpaka amalize, kenako kufunsa mafunso, kenako kunena zikomo ngakhale mumtima mukuwawa. Munthu wapereka maola ake kuyang'anira kandulo yako, ndi ntchito imeneyo. Ukamukalipira kamodzi, ulendo wina adzangokuikira kamtima n'kudutsa. Sikuti zonse zimene wanena ndi zolondola ayi. Mwina kwawoko kunalidi mphepo. N'chifukwa chake oyesa akhale awiri. Onse akanena chimodzi, vuto lili pa kandulo.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ine ndinasintha chingwe ndi chotengera tsiku limodzi, ndipo zitavuta sindinadziwe msanga kuti cholakwa ndi chiti. Thirani makandulo atatu ofanana, phula limodzi, chikombole chimodzi, musiyanitse zingwe zokha: china cha ulusi 9, china 12, china 15. Lembani manambala kunsi kwake. Yatsani pamodzi muone. Imene yapambana, lembani m'kope: phula lakuti, stearin wochuluka chonchi, paipi ya saizi yakuti, ulusi wakuti. Mnzanu wobwera chaka chamawa asadzayambirenso pa ziro.

Pali mafunso awiri amene ndamva kale kunjaku tisanalowe. Loyamba: kodi si kuwononga katundu, phula likudula chonchi? Tiyeni tiwerengere. Kilogalamu imodzi imatulutsa makandulo pafupifupi 20 a magalamu 50, kuchotsapo lotsalira m'chitini. Kuyatsa atatu kumaoneka kowawa. Koma simuyesa tsiku lililonse, mumayesa mukasintha kapangidwe kapena mukagula phula kwina. Ndipo amene akuyesayo akuunikira nayo nyumba, sinatayike. Ine ndinakana kuwononga imodzi, ndinaluza 12, kuphatikizapo kasitomala amene amadziwana ndi msika wonse. Palinso phindu lina: ukayesa umadziwa maola amene kandulo yako imayaka, ndipo wogula akafunsa umayankha ndi mtima umodzi, osalota.

Lachiwiri ndi lija timanong'onezana: ndikaulula nzeru zanga m'kope, anzanga sadzandilanda msika? Funsoli ndi lomveka, sindikuliseka. Tonse tikufuna kangachepe. Koma anthu a m'dera lino sasiyanitsa kuti iyi ndi ya uje, iyi ndi ya uje. Amangoti makandulo a ana a ku kalabu aja. Yanga ikazima, yanunso yazima m'maso mwawo. Ndipo amene tikupikisana naye kwenikweni ndi paketi ya m'golosale, yopangidwa ndi makina, imene imayaka mofanana tsiku lililonse. Kuti munthu asiye imeneyo agule yathu, ayenera kukhulupirira kuti chilichonse chochokera kuno chinayesedwa. Kakongoletsedwe kanu sungani, ndi luso lanu. Koma za chingwe, za phula ndi za ngozi, zimenezo tigawane.

Za mayi aja ndimalize. Patapita milungu ingapo ndinawatengera makandulo awiri oyera, opanda utoto, ndinati, "Mayi, awa musalipire, mungondiuza momwe ayakire." Anandiyang'ana kaye, kenako analandira. Nditadutsa pa benchi patatha masiku anayi anandiitana. Anati imodzi yayaka mpaka pansi osazima, mwana wawerengera masiku atatu. Inayo anaiiwala pa windo masana, anaipeza itawerama ngati gogo. Ndinalemba m'kope langa pomwepo, ndipo ndi mmene ndinayambira kufunafuna stearin. Panopa amagulanso kwa ine, ndipo sanasiye kundiuza zolakwika. Sabata yatha anati chingwe cha imodzi chinali chokhotera kumbali. Ananena zoona, ndinathira mothamanga.

Loweruka likubwerali aliyense amene amapanga makandulo abwere ndi awiri ofanana, osalemba dzina, tidzalemba manambala. Tidzasakaniza, aliyense atenge ya mnzake apite nayo kwawo. Amene simupanga ndinu ofunika kwambiri, chifukwa mulibe mbali, bwerani mudzatenge. A msungichuma, tikupempha kope limodzi la masamba 80 ndi bolopeni. Ine ndibweretsa paipi, ulusi ndi mbaula kuti tidzalukire limodzi zingwe, wina atithandize makala. Anga awiri adzakhala oyamba pa tebulo, ndipo amene adzawatenge asadzandimvere chisoni.